Nsidze Sizilowa M'kaundula

Ndege ya aphungu idatera ana asanaweruke kusukulu, kunja kutada kale monga kumachitira mwezi wa Novembala kuno kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Mialisa adaimva ali pawindo, dzanja lina pamimba, lina litagwira chipewa cha mwana.

"Achemwali, bwerani muvale. Tichedwa kumsonkhano."

Achemwali akewo anali ndi zaka zinayi, ndipo anali pansi pa tebulo akudya buledi wokazinga. Mwanayu adabadwa patatha chaka Naullaq, mkulu wake wa Mialisa, atamwalira, ndipo adampatsa dzina lomwelo. Kwathu kuno dzina likabwerera, mwini wake wabweranso. N'chifukwa chake Mialisa ankaitana mwana wake kuti achemwali, ndipo mayi ake, a Qaapik, ankangoti "mwana wanga", namuthirira tiyi wopanda shuga poti malemuyo shuga sankamufuna.

A Qaapik anali kusoka nsapato zachikopa. Adafunsa osadzutsa mutu.

"Ukupita kukamvera kapena kukalankhula?"

"Kukamvera, amayi."

"Nanga kapepala kali m'thumba mwakomo n'kachiyani?"

Mialisa adayang'ana pansi.

"Mlendo ndi mame," adatero a Qaapik. "Mawa aphungu akowo akwera ndege. Ife titsala ndi mawu ako, mudzi wonse utawamva pawayilesi. Ukanene kuti Naullaq adafa, iye ali pomwepo akumva?"

Nkhani yake inali ya bilu ya maulendo a kuchipatala. M'mudzimo munalibe pochirira, ndipo mayi aliyense woyembekezera ankamukweza ndege kukadali mwezi, kupita kutauni kumene kuli chipatala chachikulu. Ndime yachisanu ndi chiwiri ya biluyo inkati womuperekeza aloledwe pa mimba yoyamba yokha. Ya Mialisa inali yachiwiri. Ya Naullaq nayonso inali yachiwiri. Tsiku lonyamuka Mialisa linali litalembedwa kale, patsogolo masabata atatu.

Potuluka, maso ake adapita pamwamba pa kabati, pomwe ankapita tsiku lililonse. Padali thumba labuluu lomwe lidabwera pandege pamodzi ndi bokosi la maliro a Naullaq zaka zisanu zapitazo. Palibe adalimasulapo.

Kuholo kunali fungo la tiyi ndi majasi onyowa. Aphungu asanu adakhala patebulo lalitali. Wapampando, a Joanasi, anali mphunzitsi wa Mialisa kusekondale asanasankhidwe. Atamuona pakhomo adaseka.

"Taonani uyu. Zaka zitatu m'kalasi mwanga, mawu ake sindiwadziwa. Lero wabwera kudzatibwezera?"

"Ndangobwera kudzamwa tiyi wa boma, aphunzitsi."

"Imwa, ngwako yemwe. Koma dzina ndikulemba."

Adalilembadi pamndandanda wa olankhula, lachinayi.

Potsegula msonkhano adafotokoza kuti biluyo idawerengedwa kawiri ku Nyumba ya Malamulo ya chigawo chathu, ndipo tsopano ili m'manja mwa komiti. Komiti ikamaliza kuyendera midzi idzalemba lipoti, kenako Nyumba idzakambirana ndime imodziimodzi ikadzakumananso mu Malichi. Adaloza mayi wachizungu yemwe anali pamapeto pa tebulo ndi kompyuta, zomvera za womasulira zili m'makutu.

"Awa ndi a Colleen, kalaliki wathu. Amalemba zomwe amva basi. Ndikukudziwani anthu inu. Munthu kukufunsani, mukweza nsidze kuti inde, mukwinya mphuno kuti ayi. Pano nsidze sizilowa m'kaundula. Mutsegule pakamwa, simulumidwa."

Anthu adaseka. Mialisa sadaseke. Adawerenga pazala pansi pa jasi: Disembala, Januwale, Febuluwale, Malichi. Ngakhale ndimeyo isinthe, iye adzakhala atapita yekha kale.

Woyamba adadandaula za ndege zochedwa. Wachiwiri adalankhula za agalu osamangidwa mpaka a Joanasi adamukumbutsa kuti agalu mu biluyo mulibe. Mialisa ankangoyang'ana chitseko, mawaya a wayilesi omwe adadutsa pansi, ndi mwana wake yemwe ankasewera ndi zomvera zotsala. Wachitatu akumaliza, chitseko chidatseguka. A Qaapik adalowa, nakhala pampando wakumbuyo osavula jasi.

"Mialisa," adaitana a Joanasi.

Adapita kutsogolo. Kapepala kaja kadanyowa ndi thukuta, zilembo zitafufutika. Adakapinda.

"Ine ndilankhulapo pa ndime yachisanu ndi chiwiri," adayamba, mawu ake akutuluka aakulu m'zimkuzamawu mpaka adadzidzimuka. "Achemwali anga adapita okha pa mimba yachiwiri. Ankagona kunyumba yodikirira ndi mayi wina wa kumudzi wina. Iyeyo ndiye adatiuza. Adayamba kumva kupweteka m'mawa. Namwino adabwera, munthu wabwino ndithu, wachilendo kuno. Adawafunsa ngati akumva kupweteka. Iwo adakweza nsidze. Adawafunsanso ngati akutaya magazi. Adakwezanso nsidze. Namwinoyo adaona munthu wangoti duu, ndiye adati apume, abweranso masana."

M'holomo ankamveka ndi womasulira yekha, akunong'ona m'kachipinda kake.

"Pakadakhala wa kwathu pambali pawo, akadati, 'Akuti inde.' Mawu awiri basi. Sikuti mimba yachiwiri imaphunzitsa munthu kulankhula ngati anthu a kum'mwera. Masana asanakwane, achemwali anga a Naullaq adamwalira, mwana wawo ali m'mimba."

"Ndili pano."

Mawuwo adachokera pamzere wachitatu. Mwana uja adaimirira pampando, zomvera zikumulendewera m'khosi, akuyang'ana mayi ake modabwa.

"Ndili pano ine. Sindinapite."

Mialisa adagwira tebulo. Amayi angapo adaweramitsa mitu.

A Colleen adasiya kulemba, nanong'oneza wapampando. A Joanasi adapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Kalaliki akufunsa za dzina," adatero motsitsa mawu. "Kaundula wa komiti amasindikizidwa, aliyense amawerenga, ndipo sakufafanizika. Tikhoza kungolemba kuti 'mayi wina'. Dzina lonse tilemba pokhapokha banja litavomera. Amayi ake ndawaona ali muno."

Anthu onse adatembenukira kumbuyo. A Qaapik adanyamuka pang'onopang'ono. Sadapite kutebulo. Adayamba apita pamzere wachitatu, natsitsa mwana pampando, namukonza chipewa.

"Uli pano, mwana wanga, ndakuona. Akunena za ulendo wako woyamba uja."

Mwanayo adakweza nsidze, nabwerera ku zomvera zake. Kenako a Qaapik adapita kutebulo, naima pambali pa Mialisa.

"Mayi," adafunsa a Joanasi, "tilembe dzina?"

A Qaapik adakweza nsidze. Holo yonse idaona. A Colleen anali chidikirire, zala zili m'mwamba pa kompyuta, akuyang'ana nkhope ya mayi wachikulireyo osapezapo kanthu. Mialisa adaiona nkhope ya kalalikiyo, yaulemu, yodekha, yodikira yankho lomwe laperekedwa kale. Adadziwa kuti ndi nkhope yomweyo imene achemwali ake adaiona komaliza. Adatsegula pakamwa kuti awayankhire, koma mayi ake adamugwira mkono. Nawonso anali ataiona.

A Qaapik adaweramira pa maikolofoni ngati munthu woyang'ana m'chitsime.

"Inde," adatero. "Lembani. Naullaq. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Amene wakuuzaniyu anyamuka masabata atatu akubwerawa, yekha."

Atatseka msonkhano, a Joanasi adamupeza Mialisa akuveka mwana nsapato.

"Sindikunamiza. Ndikapempha anzangawa kuti tisinthe ndimeyo, ndipo awiri ndawaona avomera. Koma Nyumba ndi Malichi. Za iwe sindingathe kufulumizitsa."

"Ndinawerenga kale miyezi, aphunzitsi."

"Masamu unkawakhoza," adatero, koma sadamwetulire.

Adabwerera kunyumba atatu, chipale chofewa chikulira pansi pa nsapato. Atalowa, a Qaapik sadakhale pansi. Adakokera mpando pafupi ndi kabati, nakwerapo, natsitsa thumba labuluu lija. Fumbi lidagwera patebulo. Mfundo yake idalimba, moti adachita kudula ndi mpeni wawo wosokera.

Mkatimo mudali amauti, jasi loyera la amayi lokhala ndi thumba loberekeramo mwana kumsana. Naullaq adalisoka yekha kuti adzabwerere nalo. Ulusi wina wofiira unali ukulendewerabe pamkono pomwe sadamalize.

Mwana uja adalisisita. "Langa ili?"

"Lako," adayankha a Qaapik. "Umubwereke mng'ono wako?"

Mwanayo adaganiza kaye, kenako adakweza nsidze.

A Qaapik adalowetsa ulusi wofiira uja m'singano. Sadamuyang'ane Mialisa.

"Likwana. Ukakafika kumeneko, akakufunsa kanthu, uyankhe ndi pakamwa, ngakhale achite kukuona ngati wamwano. Ndipo jasili lidabwera lopanda kanthu kamodzi. Kachiwiri ayi."

Mialisa adakhala pafupi nawo, nawagwirira mkono wa jasilo kuti asoke bwino.

"Inde, amayi," adatero mokweza.