Zovala za Amake Alvin

A Rejoice anatsegula wadiropu ya malemu n'kupezamo mahang'ala okhaokha akugundana. Anasuzumira pansi pa bedi, anakoka madirowa onse, kenako anatsika masitepe atanyamula matumba awo atatu opanda kanthu.

"Alamu, zovala za mng'ono wanga zili kuti?"

A Overton anali chiimirire pabalaza, poti panalibe pokhala. Sofa anaichotsa kalekale akazi awo, a Mtisunge, kuti makina apeze malo. Anali makina aakulu, chimango chachitsulo chochokera pawindo mpaka pakhomo la kukhitchini, mutu wake wosokera ukuyenda panjanji. Azimayi achizungu a mu Bradford ankabwera ndi nsalu zawo zolumikiza zigamba. A Mtisunge ankaziyala pamwamba pa thonje ndi nsalu ina yapansi, n'kusokera zitatuzo pamodzi ndi maluwa, masamba ndi mafunde a m'mutu mwawo. Eni ake ankati kwiliti. A Overton, zaka zisanu ndi chimodzi zonsezo, ankangoti "phokoso lanu lija."

A Mtisunge anawaika m'manda Lachisanu, konkuno ku Bradford, mvula ikuwaza. Tsopano linali Lolemba m'mawa. Mwana wawo Alvin anali atabwerera kuntchito ku Newcastle, olira onse atabwerera kumashifiti awo. Anatsala a Rejoice okha, akulu awo a malemu, ochokera ku Middlesbrough. Abale kumudzi anawatuma ntchito imodzi: kusonkhanitsa zovala, kuzichapa, n'kuzitumiza ku Dedza kuti mbumba ikagawane.

"Ndafunsatu, alamu. Mwapatsa ndani? Kapena alipo kale wina amene mukumusungira?"

A Overton anasendera pamakina paja. Anagwira nsonga ya nsalu yoyera yomwe inaphimba makinawo n'kuikoka.

Zonse zinali pamenepo. Chitenje cha amayi a kutchalitchi, yunifolomu yabuluu ya kunyumba yosamalira okalamba komwe malemu anagwira ntchito zaka khumi, mipango ya kumutu, masiketi, ngakhale jekete lofiira lomwe anafikira nalo kuno. Zonse zodulidwa tizigamba tonga chikhatho, zolumikizidwa kukhala nsalu imodzi yotambasuka pakati pa mapaipi a makinawo.

"Mayo ine! Diresi ili ndinamugulira ndine ku Limbe!"

"Anadula okha," anatero a Overton. "Anayamba tsiku lomwe dokotala anasiya kutiyang'ana m'maso."

A Rejoice anatulutsa foni. Posakhalitsa pagalasi panaoneka mphuno ndi chipumi cha a Rodrick, mchimwene wawo, mwinimbumba, amene sanaphunzirebe kugwirira foni patali. Anaonetsedwa nsaluyo kuyambira kuno mpaka uko. Anatsokomola.

"Alamu, pepani ndi zovutazi. Koma mwambo mukuudziwa. Mwamuna safunda zovala za malemu. Zimabwerera kwawo. Azakhali akudikira, ana a achemwali akudikira."

"Kudikira ndiye mumakutha," anatero a Overton. "Miyezi isanu ndi inayi munthu akudwala, foni yanu inkabwera ndi chiyani? Feteleza. Nsapato za sukulu. Tsiku lomwe anakuuzani kuti tsitsi lathothoka lonse, akazi anu anafunsa ngati mawigi akale angatumizidwe."

"Musatinyoze, alamu. Mkazi ameneyo tinakupatsani ndife."

"Simunandipatse. Anabwera ndi miyendo yawo, inu mukukana kuti ndine wa Sitandade 5."

Kenako a Rodrick anasiya kulankhula ndi mlamu wawo.

"Achemwali, poti wadula yekha, watipeputsira ntchito. Masulani misokoyo. Aliyense alandire chigamba chake."

A Rejoice anatsamiritsa foni pawindo. Anatola kampeni kakang'ono komasulira ulusi patebulo la malemu. Mawu awo anali atatsika.

"Alamu, ndimvereni chisoni. Ndikatumiza matumba opanda kanthu anena kuti ndadya ndekha. Mukuwadziwa anthu aja. Pamaliro anga sadzaimba."

A Overton ankawadziwadi, n'chifukwa chake sanasunthe. Anangowayang'ana a Rejoice akuzungulira kuseri kwa makina, komwe mbali yosokedwa kale inakulungidwa papaipi. A Rejoice anaifunyulula pang'ono, n'kulowetsa nsonga ya kampeni pamsoko wa pakati pa chitenje ndi yunifolomu. Kampeni kanakana. Anayesa pena. Kanakananso. Anavala magalasi n'kuwerama.

Pamakwiliti a makasitomala, a Mtisunge ankalemekeza misoko, duwa lililonse m'chigamba chake. Apa anachita zina. Ulusi unkayenda mzere umodzi wosaduka, kuzungulira, kupindika, ndipo pamene pali msoko m'pamene unkathinana ngati mizere ya pachala, kuwoloka uku, kubwerera uko. Panalibe chigamba chomwe munthu akanachichotsa osang'amba china.

"Wachita dala," ananong'ona a Rejoice.

"Anandiuza za maliro a amayi anu," anatero a Overton. "Akuti inu ndi azakhali munakanganirana chitenje mpaka chinang'ambika pakati, mtembo usanatuluke m'nyumba. Anati, 'Abambo a Alvin, ine ndisadzamwazike choncho. Ndikhale pamodzi.'"

Nkhope ya a Rejoice inagwa. Koma maso awo anali atapita kale kutsogolo kwa makina, komwe singano inaimira. Kuchokera pamenepo kukafika kumapeto, mizere inayi ya zigamba inali isanasokedwe. Pamwamba pake panali pepala lapulasitiki loonekera mkati. Umu ndi mmene malemu ankakonzera ntchito yawo: kuyala pulasitiki pansalu, kujambula njira ya ulusi ndi cholembera osachinyamula, kufufuta ndi kansanza, kujambulanso, mpaka dzanja litaizolowera njirayo. Mzere wa papulasitikipo unafika mpaka pangodya yomaliza. Chakumapeto unali wonjenjemera, koma unafika.

"Uku sanafikeko," anatero a Rejoice. "Achimwene, mukumva? Kwatsala mizere inayi yosasoka. Imeneyi ikwanira azakhali ndi ana."

"Basi, dulani kumeneko!" inatero foni. "Kwinako atsale nako, tisakangane."

A Overton anayenda mapazi awiri n'kuima pakati pa a Rejoice ndi nsaluyo.

"Simudula."

"Alamu, takusiyirani gawo lalikulu."

"Anati pamodzi. Sanati gawo lalikulu."

"Nanga amalize ndani? Inu? Munayamba mwagwirapo singano inu? Batani la malaya anu lomwe ankakusokererani ndi iyeyo!"

Zinali zoona. A Overton anagwira ntchito m'minda ya fodya, anayendetsa ngolo m'nyumba zosungiramo katundu, anakolopa mabasi m'bandakucha, koma makina awa sanawakhudzepo. Ankawada. Makinawo anawalanda sofa, anawalanda mpira wa Loweruka, ndipo m'miyezi yomaliza anawalandanso mkazi, yemwe ankadzuka pabedi n'kutsika masitepe chokhala kuti adzaime apa.

A Overton anachotsa pulasitiki ija mosamala n'kuimata pagalasi la windo, pamwamba pa foni, pomwe akanatha kumaiona. Anawerama n'kuyatsa magetsi pakhoma. Kanyali ka pasingano kanawala.

"Achemwali, akutani? Aletseni! Alamu, mudzayankha mlandu umenewu!"

"Mubwere mudzandizenge," anatero a Overton. "Adiresi mukuidziwa. Mumaitchula bwino mukafuna katundu."

Anaima kutsogolo kwa mutu wa makina. Sankadziwa ngati ulusi ulimo, sankadziwa poyambira. Anatambasula manja kuti agwire zogwirira ziwiri zoyendetsera mutuwo, msana utakonzeka kale kupindika, poti a Mtisunge anali aafupi, owalekeza pachifuwa.

Msana sunapindike. Zogwirirazo zinawakumana pomwe manja awo anafikira. Anayang'anitsitsa. Zinali zitakwezedwa mpaka pamapeto, ndipo pabawuti panali zokala zatsopano, za sipanala yomwe inaterereka kambirimbiri m'dzanja lopanda mphamvu. Pa chogwirira cha kumanja panali kapepala komatidwa, kolembedwa zilembo zazikulu monga ankawalembera mndandanda wa kusitolo: DINANI APA. MUSATHAMANGE.

A Rejoice anawerenga nawo. Anayang'ana zogwirirazo, anayang'ana msinkhu wa mlamu wawo. Kampeni kanali kadakali m'manja, koma dzanja linali litatsika.

"Wamakani ameneyu," anatero. "Kuyambira ali mwana."

A Overton anadina. Phokoso lija linadzaza nyumba, mawu a a Rodrick n'kumira. Singano inanyamuka mokhotakhota, kutali ndi njira ya papulasitiki, koma inawoloka msoko woyamba. Anaibweza, n'kuwolokanso.