Nsapato ya M'galasi

A Saulosi, mkulu wa mpingo ku Nsaru, anabwerako ku Ulaya ndi nkhani ziwiri, ina yokamba, ina yobisa. Yobisayo inali ya mwana wawo Lydia, yemwe anapita kukaphunzira unamwino. Anakamupeza ali ndi pakati, ankhoswe osadziwa, ukwati osadalitsa. Chonsecho ana a eni akalakwa chomwechi, woyamba kuimirira kuti adulidwe mumpingo ankakhala iwowo.

Lamulungu anthu atangotuluka m'tchalitchi, anawaunjirira pakhonde.

"Kodi Lydia ali bwanji?" anafunsa Mayi Gertrude a Mvano.

"Ali bwino, sukulu basi. Koma abale inu, ine ndinalowa pansi pa nthaka!"

Anayamba kufotokoza za chinyumba cha kunsi kwa phiri, chimene boma lakale lachikomyunizimu linakumba poopa bomba la nyukiliya. Bombalo silinabwere. Pano amangoonetseramo alendo zida zomwe boma lija linkagwiritsa ntchito pozonda anthu ake omwe.

"Timakina tomvera nkhani m'chidendene cha nsapato! Kamera m'batani la jekete! Ukatsokomola kuchipinda, boma lamva!"

"Boma lathunthu kuvutika chonchi?" anatero a Nowa, mlimi wa fodya. "Bwanji osangotuma munthu kuchigayo? Kumeneko zimamveka zonse."

Anthu anafa nacho chiseko. A Saulosi zinawapweteka kwabasi. Munthu wakwera ndege, n'kumasekedwa ndi anthu oti ngakhale ku Blantyre sanafikeko! Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni.

"Mukuseka chifukwa simunaone. Nayi nsapatoyo, anajambula ndi Lydia."

Foni inayenda dzanja ndi dzanja. Inalidi nsapato yakuda, chidendene chotsegula, yoikidwa m'bokosi lagalasi. Aliyense ankangopukusa mutu n'kupatsira mnzake, mpaka inafika kwa Mayi Gertrude.

Iwo za nsapato analibe nazo ntchito. Anaika zala ziwiri pafoni n'kuzitambasula pang'onopang'ono. Pagalasi la bokosilo pankaoneka wojambulayo ataima cham'mbali, mimba ili patsogolo, dzanja la mnyamata wina lili paphewa pake.

A Saulosi anatambasula mkono kuti alande, koma mochedwa.

Mayiwo anabweza foniyo ndi manja awiri, atanyonyomala mwaulemu wonse.

"Zikomo abambo, taona nawo. Koma anzathuwo magalasi amapukuta bwino, eti? Nanga ife a Mvano, shawelo tiluke ya mtundu wanji, yapinki kapena yabuluu?"