Kanema Amene Anatsogola Kumudzi

Lamlungu lachitatu linadutsa mpando wa a Japhet uli wopanda munthu m'tchalitchi cha Amalawi ku Vosloorus, kufupi ndi Joni. Aliyense ankadziwa chifukwa chake, koma palibe amene ankachitchula. Mapemphero atatha, amayi amene masiku onse ankapatsa Greyson moni wa manja awiri anangomugwedezera mutu n'kumapita. Greyson anadziwa kuti zinthu zafika poipa, pakuti Mmalawi akasiya kukufunsa za kunyumba ndiye kuti mlandu wako wauweruza kale mumtima.

Greyson anali ndi kakampani kojambula makanema kotchedwa Khonde Filimu. Chachikulu pa kampaniyo linali dzina lokha. Ofesi yake inali garaja ya lendi kuseri kwa nyumba ina, momwe munali makamera awiri, kompyuta imodzi ndi ketulo imene inkagwira ntchito kuposa eni ake. Mnzake pabizinesiyo, Rodney, ndiye ankasaka makasitomala ndi kuyendetsa masamba awo a pa intaneti. Ankajambula maukwati, zinkhoswe, makwaya ndiponso mwambo wotsanzikana ndi malemu thupi lisananyamuke kupita ku Malawi. Ntchitoyo inkawadyetsa ndithu, koma mtima wa Greyson unali kwina. Ankalakalaka kupanga kanema wosonyeza moyo weniweni wa Amalawi ku Joni, osati uja wa anthu otsamira galimoto za mabwana awo n'kumamwetulira kuti akumudzi aone.

A Japhet anali bambo wachikulire wa mumpingo womwewo. Anabwera ku Joni ali mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi ya golide, kenaka anakhala kapitawo pa fakitale ina ku Boksburg. Fakitaleyo itatsekedwa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, anayamba kutola mabotolo ndi zitini m'misewu ya ku Actonville n'kumakagulitsa kwa ogula zinthu zakale. Mumpingo monse ankazidziwa zimenezi. Koma kwawo ku Ntcheu ankadziwa kuti a Japhet akadali kapitawo, ndipo panalibe wochokera ku Joni amene anakatsutsako. Machona ali ndi lamulo lawo losalembedwa: ntchito imene mnzako akugwira kuno, wokainena kumudzi ndi mwini wake.

Greyson lamuloli ankalidziwa bwino lomwe. Koma m'mawa wina atawaona a Japhet akukoka ngolo yawo yodzaza mabotolo, dzuwa likuwala pa mabotolowo, maso a wojambula anapambana nzeru za mwana wa kumudzi. Anawathamangira kamera ili m'manja.

"Bambo, mungalole kuti ndikujambuleni pang'ono mukugwira ntchito?"

A Japhet anayang'ana kamerayo, anayang'ana ngolo yawo, kenaka anapukuta manja pa ovolosi. Uyu anali mwana wa mumpingo, yemwe anajambula maliro a mnzawo wa kumgodi osalandira kanthu. Munthu wotere ungamukane bwanji pamsewu, maso ndi maso?

"Chabwino, a Greyson. Odziwa ndinu."

Greyson anawatsatira masiku atatu. Anawajambula akusankha zitini, akuimba nyimbo ya kumgodi m'Chifanakalo, chinenero chosakaniza cha m'migodi, ndiponso akufotokoza za Peace, mwana wawo womaliza, mphunzitsi wa ku pulayimale yemwe ukwati wake unali m'Disembala. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zogwira kamera, Greyson anali asanajambulepo chinthu chokoma chotero.

Rodney ataona zithunzizo pa kompyuta anaimirira.

"Eish, aise, ameneyu ndi golide! Dula mphindi ziwiri tiike pa intaneti lero lomwe. Anthu adziwe kuti Khonde Filimu si ya makeke a ukwati okha."

"Bwanji tiwaonetse kaye eni ake?" anafunsa Greyson, koma ndi mawu a munthu wofuna kuti amutsutse.

"Aone chiyani? Si anavomera okha? Ukawaonetsa ayamba zoti chotsani apa, apa sindinapese, apa ndikuoneka wokalamba. Udzatsala ndi kanema wa mano okhaokha. Komanso madala aja za intaneti akuzidziwira kuti? Ika basi, mfowethu."

Anaikadi. Pofika tsiku lachiwiri anthu masauzande anali ataonera, ena akuyamikira, ena akulemba kuti alira. Tsiku lachitatu kakanemako kanalowa m'gulu la pa foni la anthu a kwawo kwa a Japhet, ndipo wina anakatumiza kwa Peace pamodzi ndi funso lakuti, "Kodi awa si bambo ako aja akapitawo?" Kuyambira pamenepo a Japhet sanaonekenso kutchalitchi, ndipo foni ya Greyson sankaiyankha.

Loweruka lotsatira Greyson anakwera takisi kupita ku Boksburg kukaonana ndi mayi Mavis. Mayiwa anabadwira ku Benoni, bambo awo anali Mmalawi wa kumigodi, ndipo anagwira ntchito yolumikiza makanema pa wailesi ya kanema zaka makumi awiri. Atapuma pantchito anayamba kuphunzitsa achinyamata luso lojambula mu holo ina, ndipo Greyson anaphunzira kugwira kamera m'manja mwawo. Anamvetsera nkhani yonse osamudula, akupukuta magalasi awo ndi nsonga ya mpango.

"Koma ndinawapempha, amayi," anamaliza motero Greyson. "Sindinabe. Anati chabwino."

"Yebo, unapempha. Nanga unawauza kuti kanemayo apita kuti?"

Mayi Mavis anawonjezera funso lina.

"Unawauza kuti chinthu ukachiika pa foni sichiima pa chipata cha malire cha Beitbridge kudikira kuti achidindire pasipoti? Kuti chifika ku Ntcheu iweyo tiyi asanazizire?"

"Sindinaganize zoti chingafike kumeneko."

"Ayi, unaganiza. N'chifukwa chake unafunsa Rodney m'malo mofunsa a Japhet. Unkafuna munthu woti akuuze zimene mtima wako unkafuna kumva." Mayi Mavis anavala magalasi awo n'kumuyang'anitsitsa. "Tamvera, mwana wanga. Ife Amalawi tinaleredwa kuti kukana munthu pamaso ndi mwano. Bambo anga ankati chabwino ngakhale kwa mzungu wowatuma kulowa pamalo pamene mwala ukugwa. Chabwino wa munthu wamkulu nthawi zambiri ndi ulemu chabe, sikuti wavomera. Wojambula amene akugwira ntchito pakati pa anthu athu ayenera kumutsegulira munthu khomo lokanira. Umamufotokozera zonse, kuti aonera ndani ndipo aonera kuti. Umamusiyira pepala lolembedwa m'Chichewa, umamuwerengera ngati maso ake ndi ofooka, kenaka umachoka. Ukabwerenso tsiku lina, kamera utaisiya kunyumba, m'pamene umamva yankho lenileni. Ndipo ukamaliza kulumikiza, woyamba kuonera ndi iyeyo."

"Komatu amayi, kutola mabotolo si kuba. Ine ndinkafuna anthu aone kuti bambo aja ndi ngwazi. Palibe chochititsa manyazi pamenepo."

"Ukunena zoona, palibe. Koma wosankha tsiku loti mwana wawo adziwe ndiwe? Lero ndi mabotolo. Mawa udzajambula munthu amene mapepala ake anatha, kapena mayi amene anathawa mwamuna womumenya, ndipo nkhope yake idzafika kwa amene akumusaka. Kampani yaing'ono ngati yako ilibe maloya, ilibe nyumba zosanja. Chuma chake n'chakuti anthu amakulola kulowa m'nyumba zawo. Akasiya kukulola, makamera akowo ukagulitse."

Mawuwo anamupweteka Greyson, makamaka chifukwa sanapeze poti awatsutsire. Atabwerera ku garaja anachotsa kakanemako pa masamba onse a kampani. Rodney anakalipa kuti munthu wina wokonza chionetsero cha makanema anali atayamba kale kufunsa za Khonde Filimu, ndipo mwayi wotere subwera kawiri. Greyson sanakangane naye. Ankadziwanso kuti kuchotsako sikukonza kanthu, pakuti kakanemako kanali kale m'mafoni a anthu osawerengeka. Madzi akatayika saoleka.

Masana a tsiku lotsatira ananyamula kompyuta yake n'kupita kumene a Japhet ankakhala, kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake. Anawapeza atakhala pa kreti, akuphwanya zitini ndi chidendene cha nsapato. Anamulandira, anamupatsa kreti ina, anamufunsa za kunyumba. Ulemu umenewo unamulasa Greyson kuposa mmene kukalipa kukanamulasira.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Ndinakulakwirani kwambiri. Sindinakuuzeni kumene kanema uja ankapita."

"Ine ndinkayesa ndi za sukulu yanu ija, kuti muziphunzirirapo," anayankha a Japhet. "Nanenso ndinalakwa, sindinafunse. Safunsa anadya phula."

"Ayi bambo, wofunika kufotokoza ndinali ine."

A Japhet sanatsutse. Anatulutsa foni m'thumba, anaisinthasintha ndi chala chawo chokhakhala, kenaka anaiika pa bondo. Munamveka mawu odekha a Peace, uthenga umene anawatumizira.

"Ababa, ine mabotolo sindikuchita nawo manyazi. Ngati ndi amene anandiphunzitsa sukulu, ndikuwathokoza. Koma zaka zonsezi mumandiuza za fakitale, za anyamata amene mumawayang'anira, ine n'kumakhulupirira. Ndiye ndizimve kwa anthu a pa foni? Ndine mwana wanu kapena mlendo?"

Uthengawo unathera pomwepo. A Japhet anati kuyambira tsiku limenelo aimba kasanu, koma Peace sakuyankha.

Greyson anatsegula kompyuta. Anawauza kuti zonse zimene anajambula masiku atatu aja zili mmenemo, ndipo chilichonse chimene anene achita. Anawafotokozera bwinobwino kuti akalola, kanemayo adzaonetsedwa kwa anthu ambiri, kuno ndi kumudzi komwe, ndipo akakana palibe amene adzawadandaule. A Japhet anapempha kuti aonere. Anaonera mwakachetechete mpaka pamene pankamveka nyimbo ya kumgodi, ndipo milomo yawo inkatsatira mawu ake.

"Mumajambula bwino, a Greyson," anatero kanemayo atatha. "Sindinkadziwa kuti ndimayenda chopendekeka chonchi." Anaseka pang'ono, kenaka anapukusa mutu. "Ayikona. Fufutani."

Aka kanali koyamba kuti Greyson amve bambowa akukana chinthu. Anafufuta iwo akuona, chithunzi chimodzichimodzi, mpaka ntchito yabwino koposa imene anagwirapo inatha yonse. Mtima unamuwawa, ndipo sanabise. Koma anazindikiranso kuti yankho limeneli likanabwera kalekale akanangowapatsa mpata.

A Japhet analowa m'kachipinda kawo n'kutuluka ndi jekete yakuda yokutidwa m'pulasitiki. Anaiyala pa maondo mosamala, manja atawapukuta kaye.

"Iyi ndi ya ukwati wa Peace. Tikiti ya basi ndinagula kale, ya pa 14 Disembala. Mukudziwa, a Greyson, ine sindinkafuna kufa ndi bodza limeneli. Ndinakonza zoti ndikafika, tisanayambe za ukwati, ndikamuitana mwana wanga tikhale pakhonde awiriwiri. Ndikamuonetsa manja angawa, n'kumuuza ndekha kuti fakitale inatsekedwa iye ali folomu yoyamba, ndipo ndinaopa kuti akadziwa asiya sukulu. Mawu ake ndakhala ndikuwakonza chaka chathunthu ndikukoka ngolo."

"Mukhozabe kukamuuza, bambo."

"Ndikamuuza, ngati akandichingamire pa siteji. Koma kuulula ndi kugwidwa n'zosiyana, mwana wanga. Ndinkafuna ndikafike ngati bambo woulula. Tsopano ndikafika ngati bambo wogwidwa." Anaibweza jekete ija m'pulasitiki mwake n'kusalaza makwinya ndi chikhatho. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikuyenda msewu wa kumudzi, masiku awiri pa basi. Kanema wanu anayenda m'kuphethira kwa diso, ndipo anakalankhula ndi mwana wanga ine ndisanatsegule pakamwa."

Greyson anatseka kompyuta yake. A Japhet anali atayambanso kuphwanya zitini.

Phunziro: Nkhani ya munthu ndi yake, ngakhale kamera ikhale yako. Usanajambule kapena kufalitsa nkhope ya wina, mufotokozere kumene ikafike, mupatse mpata weniweni wokana, ndipo aone yekha anthu ena asanaone.