Msonkho wa Uvuni Wogwa

Anisa ankaphika mapawu, timabuledi ting'onoting'ono, kuseri kwa nyumba yake ku Chiuta, mu uvuni wa njerwa umene mwamuna wake anamumangira asanamwalire. Poyamba ankangogulitsa kwa asodzi. Kenako sukulu ina yogonera konko inamuuza kuti izigula kwa iye tsiku lililonse, bola akalembetse ku ofesi ya msonkho kuti azipereka fatura, lisiti lovomerezeka ndi boma. Anakalembetsa mokondwa, ndipo malonda anayenda.

Mvula ya mu Januwale inabwera ndi chimphepo. Uvuni unaphwasuka, khoma la chipinda chosungiramo katundu linagwera matumba a ufa wa tirigu amene anali atangogula kumene. Pamene mvula inkakata, ufa wonse unali phala la matope. Phindu lake lonse linali mu ufa umenewo, pomwe msonkho wa miyezi yapitayo anali asanapereke.

Mlongo wake Zubairi, amene anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, anabwera kudzaona ngoziyo.

“Achemwali, musalire,” anatero. “Boma limachotsera. Ufa, nkhuni, ngakhale chipinda chogwiriramo ntchito, zonsezi amachotsa pa msonkho. Abwana anga ku Liwonde ankatero.”

Anisa anakhulupirira. Msewu utaumako, Zubairi anamukweza panjinga kupita ku boma, Anisayo atafumbata chidutswa cha thumba chokhala ndi ufa wouma gwa ngati mwala.

Mu ofesimo anapeza mayi wina wa magalasi, Dona Benedita, amene anamvetsera nkhani yonse osamudula.

“Mayi, zimene akunena achimwene anuzi zilipodi,” anatero, “koma ndi za amalonda amene amalemba chilichonse cholowa ndi chotuluka. Inu munalembetsa m'gulu la ang'onoang'ono. Kumeneko timangoona zimene munagulitsa.”

“Koma ufawo sindinagulitse. Suwu?” Anisa anaika chidutswa chija patebulo.

“Msonkhowu si wa ufa umenewu. Ndi wa mapawu amene munagulitsa mvula isanabwere.”

“Ndiye ndisamutsireni gulu linalo.”

“Ufawo munagula kuti?”

“Pamsika, ku Nayuchi.”

“Anakupatsani fatura?”

Anisa anapukusa mutu.

“Nanga nkhuni?”

“Kwa amayi anzanga. Amabwera nazo pamutu. Fatura aitenga kuti?”

Dona Benedita anavula magalasi, natikita m'maso. “Ndiye ngakhale uko sakanakuchotserani kanthu. Ndikumva chisoni, mayi, koma palibe poti ndigwire.”

Zubairi anayamba kukweza mawu, akuti limeneli si lamulo koma kupha anthu. Anisa anamukoka malaya.

“Achimwene, basi. Tikuchititsa manyazi.” Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati angathe kufufutitsa dzina lake. Anamuyankha kuti n'zotheka, koma ayambe wamaliza zotsalazo.

Pobwerera, atadutsa dambo, Zubairi anacheuka.

“Ndakunamizani, achemwali,” anatero.

“Simunaname. Kungoti zimenezo si zathu.”

Anisa anagulitsa malata ophikira, chitseko chachitsulo cha uvuni, ndi mbuzi imene ankasungira Idi. Anapereka msonkho, dzina lake linafufutidwa. Kusukulu kuja anali atamudikira pang'ono, koma ana sakanagona ndi njala. Asukuluwo anapeza munthu wina wobweretsa mapawu pa njinga yamoto. Anisa atapita kukawachonderera kuti amupatse ndalama ya patsogolo amangire uvuni wina, anamukumbutsa mwaulemu kuti tsopano alibenso fatura.

Mwana wake yekhayo, Sabrina, anali m'chaka chomaliza cha sekondale ku Cuamba. Ndalama ya lendi ndi chakudya itasiya kufika, anabwera kumudzi ndi chikwama chake. Ankathandiza mayi ake kutumbula nsomba za anthu ena kunyanja, malipiro ake ndiwo za tsikulo. Sanadandaule. Koma Anisa ankamuona akuchapa yunifolomu yosavala n'kuipinda bwinobwino.

Chakumapeto kwa mvula kunabwera uthenga woti banja lina ku Cuamba likufuna mtsikana wolera mwana ndi kuchapa. Sabrina ndiye anayamba kulankhula.

“Amayi, ndipite. Mwina azindilola kupita kusukulu madzulo.”

“Ananena choncho?”

“Ayi.”

Anisa anamuperekeza mpaka pamsewu waukulu, atamusenzera chikwama. Galimoto itafika, Sabrina anakwera kumbuyo pamwamba pa matumba a chinangwa. Anisa anafuna kumuuza kanthu, koma woyendetsa anali atayamba kale kuliza hutala. Anaima pomwepo mpaka fumbi linatha, kenako anayamba ulendo wobwerera.