Twente-eyiti Ziwiri

Wilo ya kumbuyo ya njinga ya Siyani inapindika Lolemba, pa chidzenje cha mumsewu wa ku Chiputula chimene madzi a mvula anachibisa. Siyani sanavulale. Anadzuka, n'kuyang'ana limu, mkombero wa wiloyo, itakhota, masipoko ena atathothoka, kenaka anakoleka njingayo paphewa mpaka kunyumba ku Geisha.

Njingayo inali ya kaunjika, ya mtundu uja amapikisanira m'matope ndi m'tinjira ta m'thengo: yopepuka, matayala owonda a timano, mahandulo opindikira pansi. Anaigula asanachoke kwawo ku Ntchisi, ndipo m'nyumba yonse ya mlamu wake Winston, chake chenicheni chinali chimenecho. Bedi linali la alamu, chakudya cha alamu, ntchito ya m'shopu ya zitsulo ndi penti inalinso ya alamu, yopanda malipiro poti anali pachibale. Tsono Loweruka la sabata yomweyo kampani ina yoyendetsa alendo pa njinga ku Nyika inkayesa anthu ofuna ntchito. Aliyense abwere ndi njinga yake, inatero kampaniyo. Wopambana akampatsa ntchito ndi chipinda chake kumtunda komweko.

Lachiwiri Siyani anapita kwa Percy, wogulitsa njinga za kaunjika m'tauni. Wilo yabwino inalipo imodzi, yopachikidwa pa msomali, koma Percy atatchula mtengo Siyani anangoseka. Ina inali yotchipa, koma poizunguza inkavina. Anagwirizana kuti Percy achotse habu, chitsulo cha pakati pa wilo yopindikayo, ailukire pa limu yakale koma yowongoka imene inali pansi pa benchi. Zimenezo Siyani akanakwanitsa. Wiloyo idzatha Lachisanu.

M'mawa mwake, akumwa tiyi, Winston anafunsa chifukwa chimene njinga yatsamira khoma ndi mwendo umodzi. Siyani anafotokoza za dzenje lija. Za ku Nyika anali atauza mchemwali wake Nelia yekha, ndipo sankadziwa ngati Nelia anauza mwamuna wake.

"Sayizi yake ni vichi, mlamu?"

"Twente-eyiti, alamu. Kungoti twente-eyiti zake zilipo ziwiri..."

Foni ya Winston inalira. Anatuluka nayo panja, ndipo Siyani anatsala ndi mawu ake m'kamwa. Ankafuna kunena kuti mawilo a njinga za sakaramento, zonyamula anthu zija, amatchedwanso twente-eyiti, koma ndi aakulu ndi olemera, sangalowe pa njinga ngati yake. Anaganiza kuti adzanena tsiku lina.

Lachinayi Winston anamusiya yekha m'shopu tsiku lonse, akuti akukaona katundu. Siyani atafika kunyumba dzuwa likupendeka, anapeza njinga yake pakhonde itaima pa mawilo awiri. Kumbuyo kunali wilo yatsopano yonyezimira, ya masipoko onenepa, tayala lakuda bii. Pamwamba pake panali kaliyala ya chitsulo. Anayandikira. Timiyendo ta kumbuyo ta felemu tinali titadulidwa ndi kulumikizidwa ndi zidutswa za paipi ya m'shopu, mowotchereramo muli matuza. Buleki ya kumbuyo panalibe, ndi pomangira pake pomwe.

Winston anatuluka akupukuta manja, nkhope ili mwee. Anafotokoza kuti anapita kumsika, anapempha twente-eyiti monga mlamu ananenera, koma wiloyo inachita makani kulowa. Iye si munthu wobweza katundu, ndiye anapita nazo kwa wowotcherera wa ku Katoto, amene anati njinga za azungu n'zamanyazi, zimafuna kuzitsegula pang'ono. Kaliyala anangowonjezapo mwa ulere.

"Sono ndi njinga ya mwanalume iyi. Yakhora chomene. Olo thumba la simenti, mlamu, inyamula."

Nelia anaima pakhomo ndi mwana kumsana. Sanayang'ane njinga, anayang'ana mchimwene wake, ndipo maso ake ankanena chimodzi chokha. Munthu wakugonetsa, wakudyetsa, lero wataya tsiku lake kukukonzera njinga. Siyani anafufuza pa nkhope ya Winston kuti aone ngati akudziwa chimene wachita. Anangoonapo thukuta ndi chimwemwe. Mwina ankadziwa, mwina ayi. Kufunsa kunali kosatheka.

"Yewo chomene, alamu," anathokoza Siyani m'chiyankhulo cha kwawo kwa Winston.

Winston anaseka n'kuuza mkazi wake kuti Mchewa uja wayamba kuphunzira chiyankhulo cha anthu.

Lachisanu Siyani anaikankha njingayo mpaka kwa Percy. Wilo ija inali itatha, yowongoka, poizunguza osamveka ngakhale phokoso. Percy anagwada, anayang'ana mowotcherera muja nthawi yaitali, anayesa kuika wiloyo. Inkagwedera pakati pa timiyendo totambasuka tija. Anati kudulanso felemuyo n'kuipha, ndipo ngakhale italowa, kutsetsereka mapiri a ku Nyika ndi buleki imodzi n'kufuna maliro. Njinga ina yobwereka analibe. Anapachika wiloyo pa msomali, pafupi ndi yokwera mtengo ija, n'kunena kuti aisunga.

Loweruka m'mawa kunali chifunga. Winston anamangirira yekha zitini za penti pa kaliyala, zopita kwa kasitomala ku Katoto. Panjira Siyani anakumana ndi anyamata a njinga zopepuka atawerama pa mahandulo, akulowera kumene mayeso ankayambira. Mmodzi anamuzindikira, anakweza dzanja, kenaka anaona zitinizo n'kutsitsa dzanjalo.

Atatsitsa penti uja, akutembenuza njinga, mayi wina wonyamula dengu anamukodola kutsidya kwa msewu.

"Sakaramento! Ku Chiputula, adada."

Siyani anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Mayiyo anali atawoloka kale, akuyala chitenje pa kaliyala. Iye anagwira mahandulo mwamphamvu kuti njinga isagwe pamene mayiyo ankakwera.