Pepala la Magazi a Julius

Julius anayamba kugwaigwa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akagwa ankadzuka mochita kudzikwera, manja pamaondo, kenako pantchafu. Pofika 2001 sankayendanso. Womunyamula anali bambo ake, a Sitima. Kuchimbudzi, kubafa, kutchalitchi pakaliyala wa njinga, konse anali iwo, poti mnyamatayo anali atalemera ndipo amake, a Felista, msana unkawavuta.

A Sitima anali mkamwini pamudzi wa akazi awo, kunsi kwa phiri la Michesi. Ankapikula matemba ku Chilwa n'kumagulitsa. Chaka chimene anakhoma malata ndi chomwecho mwana anakhala pansi, ndiye anthu sanachedwe kunena kuti munthuyu wakhwimira mwana wake.

Kenako kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku Blantyre, wowatsogolera mayi Eveles. Sananame. Anati mankhwala kulibe, iwo akungoyamba kufufuza ndi thandizo la bungwe lina lakunja. Anatenga magazi a Julius, a mayi ake, ndi a mlongo wake wamkulu, Rozaria. Atafunsa ngati kumtundu kunakhalapo wina wodwala chonchi, a Felista anati ayi.

Patatha miyezi isanu ndi itatu mayi Eveles anabweranso okha, panjinga yahayala. Anapeza a Sitima akuyanika matemba. Anati bungwe lija lasiya kuthandiza, kafukufuku wathera panjira. Iwo angobweretsa pepala la zotsatira za magazi aja poti analonjeza, ndipo m'munsi mwake alembamo Chichewa. Matendawa amadya minofu ya anyamata, koma amayenda m'magazi a akazi. A Felista ali nawo. Rozaria nayenso.

A Sitima analondola akazi awo kumunda kukawauza. A Felista anamva, anapitiriza kupalira chinangwa. Onse ankadziwa kuti ankhoswe a mnyamata wina wa ku Mkhumba anali atabwera kale kawiri kudzafunsira Rozaria.

Loweruka lake a Makina, malume awo a Felista, amene ankayang'anira mbumba, anasonkhanitsa abale pabwalo pa nyumba. Anati alekerera mokwanira, mkamwini atenge njinga yake azipita kwawo asanamalize ena. A Sitima anangofunsa kuti nanga Julius azimunyamula ndani.

"Mwamupundula ndinu, lero mukufunsa womunyamula?" anatero a Makina.

Pepala lija linali m'thumba la malaya. A Sitima analikhudza, n'kuyang'ana Rozaria amene anakhala pamkeka pambali pa mlongo wake, akumuingitsira ntchentche. Anachotsa dzanja. Anati chabwino, anyamuka mawa.

Apo ndi pamene a Felista analankhula, mutu uli chiweramire.

"Malume, nanga Stafford anamukhwimira ndani?"

A Sitima dzinalo ankalidziwa. Anali mlongo wa a Felista amene anamwalira iwo asanakwatire pamudzipo, ndipo ankauzidwa kuti anali malungo. A Felista anati Stafford anakwawa zaka zisanu m'nyumba ya amayi awo, ndipo amene ankamunyamula anali a Makina omwewo.

"Bambo a Julius, tulutsani pepalalo," anatero a Felista.

A Sitima anakana. A Felista anabwereza, ndipo bambowo analitulutsa. Wodziwa kuwerenga bwino pamenepo anali Rozaria yekha. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, mpaka anafika pa dzina lake. Anaima kaye, kenako anamaliza mzere wonse, n'kulipinda, n'kuwabwezera bambo ake.

A Makina sanapepese. Anangoti nkhani yatha, n'kutola chipewa chawo.

A Sitima anakhalabe pamudzipo. Nkhani inafika ku Mkhumba sabata isanathe, ndipo ankhoswe aja sanabwerenso. Lamulungu lotsatira a Sitima anamukweza Julius pakaliyala monga mwa masiku onse, n'kumumanga ndi chitenje m'chiuno kuti asagwe. Rozaria anawagwirira njinga, koma kutchalitchi sanapite nawo.