Cholembera cha a Kapitawo

Patatha miyezi isanu ndi iwiri ngolo ya thirakitala itamuthyola fupa la m'chiuno, Anesi anabwerera ku esiteti kukathyola tiyi. Chifundo chimene anachipeza kumeneko sanachikhulupirire. A kapitawo, amene sanamuzondeko n'komwe kuchipatala, anamupatsa mzere wa pachidikha, m'mbali mwa msewu. Marita, amene anamulowera m'malo, anathamangira dengu lake.

"Ndikunyamulireni, achemwali."

Anesi anacheuka. A kapitawo sankayang'ana masamba ayi. Maso awo anali pa kayendedwe kake, cholembera chili m'manja, ngati ofuna kumufufuta m'kaundula wa antchito.

"Siya dengu langa, iwe!"

Analibereka yekha n'kukwera chitunda cha ku mizere yake yakale. Chiuno chinkawotcha ngati moto, koma sanachigwire ngakhale kamodzi mpaka a kapitawo atabweza cholembera chija m'thumba.